Nyale, galasi lokulitsa kapena phazi lina: ndiyambire pati pa free-motion?

Nachisale

Moni nonse. Ndikamasoka free-motion (kusoka koyendetsa nsalu ndi manja, mano a makina atatsitsidwa) pa quilt, chofunda cha nsalu zosanjikiza, sindikuona bwino pamene singano ikulowa. Makina anga ndi apanyumba wamba, a low shank (pomangira phazi lopondera nsalu pali m'munsi), ali ndi kababu kamodzi pamwamba pa singano. Phazi ndi lija la darning la sipuling'i, lapulasitiki, mkombero wake wotseka kutsogolo. Ulusi ndi woyera wa makulidwe a 50 wt pa nsalu yoyera, singano ndi Quilting 75/11.

Ndikafuna kubwerera pa mzere umene ndasoka kale, monga pa mapatani a nthenga kapena a timiyala, ndimaphonya ndi mamilimita awiri kapena atatu. Phazi likamadumphadumpha maso amatopa lisanathe ndi theka la ola. Komanso pafupi ndi pamene misoko yambiri yakumana masitichi amadumpha. Ndimavala magalasi owerengera a +2.00. Ndigule galasi lokulitsa lomangirira pa makina, kapena vuto lili pa nyale, kapena pa phazi? Sindikufuna kugula zitatu zonse kenako n'kuzindikira kuti chimodzi chikanakwana.

Nangozo

Mayi, galasilo liyambe ladikira. Galasi limakulitsa chimene chikuoneka kale. Ngati ulusi woyera wasowa pa nsalu yoyera, lidzangokukulitsirani kuyera komweko.

Sitichi yoyera pa nsalu yoyera imaoneka chifukwa cha mthunzi wake. Ulusi ukamangika umamira mu batting (chofewa chapakati pa nsalu ziwiri za quilt) n'kukumba kangalande kakang'ono. Kuwala kochokera pamwamba penipeni kumadzaza kangalandeko, mthunzi n'kutha, nsalu yonse n'kuoneka yosalala ngati sinasokedwe. Kababu ka makina anu kakuchita zimenezo. Kuwala kukabwera chapansipansi, kokwawa pa nsalu, mbali imodzi ya kangalande imatsala mumdima, ndiye mzere umatuluka ngati wajambulidwa ndi pensulo.

Yesani musanagule kanthu. Thimitsani getsi la m'chipinda ndi nyale ya makina. Yatsani tochi ya pafoni, muigwire motalikira masentimita 25 kapena 30 kuchokera pa singano, koma ikwere masentimita 5 mpaka 8 okha pamwamba pa nsalu. Muiyendetse mozungulira singano pang'onopang'ono mukuyang'ana mizere. Mudzaona chinthu chimodzi: mzere umene wayenda molunjika kumene kuwala kukulowera umasowa, umene wapingasa kuwala ndiwo umaoneka bwino. N'chifukwa chake nyale isakhale kumanzere kwenikweni kapena kumbuyo kwenikweni. Tiyerekeze kuti singano ili pakati pa wotchi, inu muli pa 6 koloko. Nyale ikhale pa 10 kapena 11 koloko. Pamenepo mizere yopita kutsogolo ndi yopita m'mbali yonse imapeza mthunzi, ndipo kuwala kumadutsa kutsogolo kwa zala za dzanja lamanzere m'malo mogunda kuseri kwa dzanjalo. Mukaika pa 9 koloko, dzanja lanu lomwe ndilo lidzaphimba singano.

Choti mugule ndi kanyale ka LED ka khosi lopindika, ka mutu waung'ono. Khosi ligwire kuchokera pa thupi la makina kapena kumbuyo kwa tebulo, chifukwa kumanzere n'kumene quilt imayenda, ndipo chilichonse choima pa tebulo pamenepo idzachikankha. Ka maginito kamagwira pa makina akale achitsulo cholemera chija, koma pa makina a aluminiyamu kapena apulasitiki sikagwira, ndiye yesani ndi maginito ena alionse musanagule. Mutu wake muupendeketse mpaka mukakhala pampando musamaone babu lenilenilo. Mukamaliona likukuthobwani, diso likuchepetsa kabowo kake, ndipo nsalu ikuoneka yakuda kuposa mmene ilili.

Pa paketi yang'anani manambala awiri. Loyamba ndi la K, lonena mtundu wa kuwala. Babu la 2700K mpaka 3000K ndi lachikasu, limasakaniza zoyera ndi za kirimu. La 6500K limapendekera ku buluu ndipo pa nsalu yoyera limabaya m'maso. Pakati pa 4000K ndi 5000K ndi pamene ambiri amasoka nthawi yaitali osatopa. Lachiwiri ndi CRI, imene imanena mmene babu likuonetsera mitundu moona. Funani 90 kapena kupitirira. Pa choyera ndi choyera sizisintha zambiri, koma tsiku losankha ulusi wa nsalu yofiira kapena yapepo mudzaona kusiyana kwake.

Za ma lumen, muyezo wa kuwala kotuluka m'babu, musavutike nazo kwambiri, chifukwa chofunika ndi kuwala kumene kwafika pa nsalu, kumene amayeza mu lux. Muyezo wa ku Europe wa kuwala m'malo a ntchito, EN 12464-1, umaika 500 lux pa ntchito ya muofesi ndi 750 lux pa kusoka. Kanyale kakang'ono kamafika pamenepo mosavuta kakakhala pafupi: mukachepetsa mtunda ndi theka, kuwala kumachuluka kanayi. Msinkhu nawo umalowapo. Diso la munthu wa zaka 60 limalowetsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kuwala kumene limalowetsa la wa zaka 20, ndiye ngati mwana wanu akuti pawala kale, iye sakunama ndipo inunso simukunama.

Chinanso chimene anthu sachiganizira ndi kuphethira. Nyale zina za LED, makamaka zikachepetsedwa mphamvu ndi kabatani, zimayaka ndi kuzima mofulumira kwambiri moti diso siliona. Pa chinthu choima palibe vuto. Koma singano yoyenda masitichi 800 pa mphindi ikukwera ndi kutsika koposa ka 13 pa sekondi, ndipo pansi pa nyale yotere imaoneka ngati singano zingapo. Gwedezani pensulo mofulumira pansi pa nyaleyo. Mukaona mapensulo angapo olekanalekana, ikuphethira. Mukaona chimkwasa chimodzi chosalala, ili bwino. Zambiri zimasiya kuphethira zikakhala pa mphamvu yonse, ndiye ndi bwino kuitalikitsa nyale kusiyana ndi kuichepetsa.

Lamba wa ma LED womata pansi pa mkono wa makina ndi wabwino pounikira mbali ya kumanja imene imakhala mumdima, koma akhale ndi switchi yakeyake, chifukwa nayenso amaunika kuchokera pamwamba ndipo pa ntchito ya choyera pa choyera muzimuthimitsa. Pukutani mafuta pamalopo ndi sipiriti musanamate, matani chakumbuyo kuti mkono wa makina uzikutchingani, ndipo waya asayandikire gudumu. Getsi la m'chipinda musalithimitsiretu. Likhale lofooka, kuti maso asamachoke pa kuwala kwambiri n'kugwera mumdima nthawi zonse mukadzutsa mutu.

Bambo Bobini

A Nangozo anena bwino za nyale, sindionjezapo. Koma kutopa kwa maso ndi kudumpha kwa masitichi, zimenezo ndi za phazi ndi singano.

Tiyambe ndi ntchito ya phazi, chifukwa mukaimvetsa kusankha sikuvuta. Singano ikafika pansi penipeni n'kuyamba kukwera, pa mamilimita awiri oyambirirawo ulusi umafufuma kumbuyo kwake n'kupanga kakhwekhwe. Mbedza ya bobini imadutsa n'kukola kakhwekhweko, sitichi n'kumangika. Kuti kakhwekhwe kapangike, nsalu iyenera kukhala pansi pamene singano ikukwera. Nsalu ikanyamuka limodzi ndi singano, ulusi sufufuma, mbedza imadutsa chabe, sitichi yadumpha. Pa free-motion phazi silikoka nsalu, mano a makina mwawatsitsa kale. Ntchito yake ndi imodzi yokha: kuletsa nsalu kunyamuka pa kamphindi kameneko.

Pali njira ziwiri zochitira zimenezi. Phazi lanulo lili ndi kachitsulo kopingasa pamwamba, kamene kamakhala pamwamba pa sikuluwu yomangira singano. Singano ikakwera imanyamula phazi, ikatsika sipuling'i imalikankhira pa nsalu. Onetsetsani kaye kuti kachitsuloko kalidi pamwamba pa sikuluwu. Kakalowa pansi pake phazi silinyamuka, nsalu imakanirira, ndipo china chake chimapindika. Mtundu wachiwiri sudumpha. Umangoyandama pamwamba pa nsalu pa mulingo umodzi, ndipo mumaukweza kapena kuutsitsa ndi kasikuluwu ka pamwamba. Seti ya Janome yotchedwa Convertible Free Motion ndi ya mtundu umenewu, ndipo ili ndi nsonga zosinthasintha: yotseka, yotseguka ndi yambale yoonekera. Kwa munthu amene maso akutopa ndi kudumpha, phazi loyandama ndilo yankho, chifukwa chinthu chokhacho choyenda patsogolo pa maso chimatsala singano.

Kuika mulingo wake: ikani chidutswa cha quilt yomweyo, nsalu yake ndi batting yake, tsitsani chotsitsira phazi, kenako tsitsani phazi mpaka lingokhudza nsalu, n'kulibweza pang'ono kuti khadi lopyapyala lizilowa pakati mosakakamiza. Mpata wake usapose milimita imodzi. Kokani nsalu mbali zonse. Ikamagwira, phazi latsika kwambiri ndipo lidzakankha nsalu ya pamwamba mpaka kupanga makwinya kutsogolo kwake. Mukamaona nsalu ikudumpha ndi singano, lakwera kwambiri. Mukasintha batting muikenso mulingo, chifukwa ya thonje yopyapyala ndi ya ubweya yofufuma sizifanana.

Ngati phazi lanu ndi lija lotchipa losakhala la kampani ya makinawo, mukhoza kulisandutsa loyandama. Pindani kachitsulo kopingasa kaja ndi pulayala kayang'ane kumbuyo, kuti sikuluwu ya singano isamakakhudze. Likatero phazi limagwera pa nsalu, ndiye kulungani kalabala kakang'ono pa mtengo wa phazi, pakati pa kachitsulo mwapindako ndi thupi lapulasitiki. Kukulunga kulikonse kumakweza phazi pang'ono. Onjezerani kapena chotsani mpaka khadi lija lilowe. Kachitsuloko mukakapinda n'kukawongola kawiri kamathyoka, ndiye musachite izi pa phazi lodula.

Za kuona: pulasitiki yoonekera imanyenga. Mkombero wake ndi wokhuthala, umapotoza mzere umene uli pansi pake monga ndodo imaonekera yokhota m'madzi, ukakandika umachita chifunga, ndipo nyale ya pambali ija idzanyezimira pamenepo. Mkombero wachitsulo wopyapyala umabisa zochepa kwambiri. Pobwerera pa mzere, monga pa nthenga zanuzo, wotseguka kutsogolo ndiwo wabwino, chifukwa mumaona nsonga ya singano ikugwera pa sitichi yakale. La pulasitiki mungalitsegule nokha podula kachigawo kakutsogolo ndi kodulira waya, n'kusalaza nsonga ziwirizo ndi chopalira zikhadabo mpaka zisamakole ulusi.

Musanagule lina, yezani shank. Tsitsani chotsitsira phazi, yezani kuchokera pa puleti kufika pakati pa sikuluwu yomangira phazi. Masentimita 2 kapena kucheperapo ndi low shank, masentimita 3 kapena kupitirira pang'ono ndi high shank. Singer 301 ndi 401 ali ndi shank yopendeka, amafuna mapazi awoawo. Bernina ali ndi kamangidwe kosiyana kotheratu, ndipo mapazi ake amadziwika ndi manambala: 9 la darning, 24 lotseguka, 29 loonekera, 44C lambale. Makina ena a Pfaff akale ali ndi malo apakati pa chotsitsira phazi opangidwira darning. Pa makina a kompyuta a Pfaff ndi Husqvarna Viking mumayenera kusankha pa sikirini ngati phazi ndi la sipuling'i kapena loyandama, apo ayi makina amaliika pa mulingo wolakwika.

Tsono masitichi odumpha pa mfundo za misoko. Pamenepo zifukwa zimakhala ziwiri, ndipo nthawi zambiri zimabwera limodzi. Mbali imodzi ya mkombero imakwera pa chitunda cha msoko, ndiye nsalu ya pansi pa singano imatsala yosagwidwa. Komanso singano ya 75/11 ndi yowonda: ikakumana ndi nsalu zisanu ndi imodzi kapena zisanu ndi zitatu zosanjikizana, inu mukukokanso quilt, imakhota n'kutalikira mbedza. Ikani singano ya Topstitch 90/14. Ndi yolimba, bowo lake ndi lalitali, ngalande yake ndi yakuya, ulusi umayenda momasuka. Ngati makina anu ali ndi puleti ya bowo laling'ono lozungulira, ikani imeneyo m'malo mwa ya zigizagi, chifukwa bowo lalitali lija limalola nsalu kumira ndi kunyamuka. Mukatero kumbukirani kuti singano ikhale pakati ndipo musakhudze zigizagi, ingathyoke pomwepo. Pofika pa chitunda chepetsani liwiro la manja koposa la mwendo. Singano isinthidwe pakatha maola pafupifupi 8 osoka, kapena ikangoyamba kumveka kuti "thu, thu" polowa.

Phazi lililonse latsopano, zungulitsani kaye gudumu ndi dzanja, molunjika kwa inu, kuzungulira kumodzi kwathunthu musanaponde. Ndipo chotsitsira phazi chitsike ngakhale quilt ikuoneka yothina kale pansi pake. Chikakhala m'mwamba timbale ta tenshoni timakhala totseguka, ndipo pansi pa nsalu pamamera chisa cha ulusi.

Nachisale

Zikomo kwambiri nonse awiri. Ndayesa za tochi zija, mizere yatulukadi, pa 10 koloko ndi pamene ikuoneka bwino. Kachitsulo ka phazi kanali pamalo pake. Ndayezanso kuchokera pa diso kufika pa singano nditakhala mowongoka, ndapeza masentimita 45. Nanga ndikwere pa magalasi, nditenge a +3.00? Ndipo galasi lokulitsa lilibiretu ntchito?

MaiMphonje

Achemwali, a +3.00 ayi. Mwachita bwino kuyeza, chifukwa nambala imeneyo ndiyo ikuyankhani.

Galasi lililonse lili ndi mtunda wake. Gawani 100 ndi mphamvu yake mu ma diopter (nambala ija ya + yolembedwa pa magalasi), mupeza masentimita. A +2.00 ndi masentimita 50, a +2.50 ndi 40, a +3.00 ndi 33. Kwa munthu amene amaona bwino patali popanda magalasi, pamenepo ndi pothera: chilichonse chotalikira kuposa apo chimachita mbuu. Singano yanu ili pa 45, mkati mwa malire a +2.00. Mukavala a +3.00 singano idzasowa mpaka mutaweramira kutsogolo ndi masentimita 12, ndipo mudzasoka choweramira tsiku lonse, khosi ndi mapewa n'kulipira. Magalasi amphamvu saonjezera kuona pa mtunda womwewo, amangokukokerani pafupi. Ngati mukufuna kuyesa kanthu, yesani +2.25, amene amathera pa masentimita 44, ndipo mudzaona kuti ali m'malire penipeni.

Magalasi ogula kale opangidwa ali ndi mphamvu yofanana mbali zonse ndipo sakonza astigmatism, vuto la diso losabulungira mofanana mbali zonse. Tsekani diso limodzi muyang'ane bowo la singano, kenako linalo. Ngati limodzi likuona bwino kuposa linzake, kutopa kwina kukuchokera pamenepo. Pitani kwa woyeza maso ndi nambala yanuyo, muwauze kuti mukufuna magalasi a mphamvu imodzi a mtunda wa masentimita 45. Amene amavala ma progressive, magalasi oonera patali ndi pafupi pomwe, amavutika pa makina chifukwa kagawo koonera mtunda wapakati ndi kopapatiza, amangokhalira kukweza chibwano kukafunafuna. Ubwino wina wa magalasi pa nkhope ndi wakuti singano ikathyoka kachidutswa kamauluka, ndipo pa free-motion singano zimathyoka kawirikawiri kuposa pa kusoka wamba.

Galasi lokulitsa masamu ake ndi awa: gawani ma diopter ndi 4, onjezani 1. La 3 diopter limakulitsa ka 1.75, la 5 ka 2.25, la 8 katatu. Mphamvu ikamakwera zinthu zitatu zimachepa limodzi: mtunda wochokera pa galasi kufika pa nsalu, kukula kwa malo amene mukuona, ndi kuya kwa pamene pali poyera. La 5 diopter liyenera kukhala pasanathe masentimita 20 kuchokera pa nsalu, la 8 pasanathe 12 ndi theka, ndipo pamenepo manja, chomangira singano ndi njira ya ulusi zonse zikulimbirana malo omwewo.

Vuto lalikulu ndi lakuti pa free-motion maso sakhala pa singano. Amakhala masentimita awiri kapena atatu kutsogolo kwake, kumene mzere ukupita, ndipo amaponyanso m'mbali kuona malo amene atsala. Galasi limadula zonsezo. Mumaona nthenga imodzi yaikulu bwino, koma msana wake ndi nthenga inzake zili kunja kwa galasi kapena m'mphepete mmene mizere imakhota. Limakulitsanso kuyenda. Nsalu yoyenda pang'onopang'ono imaoneka ikuthamanga kawiri, ndipo ambiri amachita chizungulire kapena nseru pakapita mphindi zochepa. Likamangidwa pa makina kapena pa tebulo lomwelo limanjenjemera ndi makinawo, kunjenjemerako n'kukulitsidwanso.

Ntchito lili nayo ndithu, koma ndi yapang'ono: timiyala tosaposa mamilimita 5, stippling (timizere tokhotakhota) yothithikana kwambiri imene manja amayenda pang'ono zedi, kulowetsa ulusi pabowo la singano, kumasula masitichi, ndi kuona ngati nsonga ya singano yaphwanyika. Pa zimenezi 1.5 kapena 1.75 ndi yokwana. Makina ena a Bernina ndi Janome ali ndi pomangirira timagalasi tawo kutsogolo kwa singano, ndipo ngakhale pamenepo yambani ndi kofooka kwambiri mu setiyo.

Ngati mukufuna chovala kumutu, OptiVisor ya Donegan imalemba mitunda yake poyera: nambala 2 imakulitsa ka 1.5 pa mainchi 20, nambala 3 ka 1.75 pa mainchi 14, nambala 5 ka 2.5 pa mainchi 8. Mainchi 8 ndi masentimita 20, kutanthauza kuti chipumi chanu chafika pa kachitsulo kokoka ulusi kaja kamene kamakwera ndi kutsika. Nambala 2 yokha ndiyo ikufanana ndi mmene mumakhalira. Koma zindikirani kuti mukaivala pamwamba pa +2.00 mphamvu ziwirizo zimaphatikizana, mtunda n'kufupika mpaka pafupifupi masentimita 25.

Nyale zija za galasi pakati ndi mkombero wa ma LED kuzungulira musagulire ntchito iyi. Zinapangidwa dala kuti zichotse mthunzi, umene a Nangozo angokuthandizani kuupeza. Ndipo galasi lililonse loima pafupi ndi zenera muzilivundikira ndi nsalu mukamaliza. Dzuwa likadutsamo limasonkhana pa kadontho kamodzi ndipo limapsereza quilt, ngakhale kuyatsa moto.

Nangozo

A Bambo Bobini, pa kudula phazi paja ndikusiyana nanu pang'ono. Phazi lotseguka lili ndi nyanga ziwiri, ndipo nyangazo zimakola chilichonse: ulusi wa basting (wogwirizira nsalu mongoyembekezera), m'mphepete mwa appliqué (kansalu kosokeredwa pamwamba) yosapinda, mapini, ngakhale m'mbali mwa nsalu ya pamwamba mukatuluka kupita pa batting n'kubwerera. Zikakola munthu amakoka, singano n'kukhota. Mayi Nachisale ali ndi phazi limodzi lokha, ndipo lodulidwa silibwerera. Agule lachiwiri lotseguka, lotsekalo lisungike la m'mphepete. Pa zitunda za misoko lambale lija ndilo limachita bwino kuposa onse awiri, chifukwa pansi pake ndi pokhota ngati supuni, limakwera chitunda m'malo mochigunda, ndipo mizere yake yozungulira imathandiza kusunga mpata wofanana pozungulira duwa.

Ndionjezeponso za rula, chifukwa aliyense wovutika kutsata mzere amafika poganiza zogwiritsa rula. Musayerekeze kuika rula pambali pa phazi la darning. Likadumpha rula imalowa pansi pake, singano n'kugwera pa pulasitiki. Ikathyoka yokha mwachita mwayi, chifukwa nthawi zina taimingi ya makina imasokonekera. Phazi la rula ndi mkombero wamtali wa khoma lokhuthala, theka la inchi m'mimba mwake, singano ili pakati penipeni, ndiye mzere umagwa kota ya inchi kuchokera m'mphepete mwa rula mbali iliyonse. Rula yake ikhale yopangidwira ntchitoyo. Westalee amapanga za mamilimita 3 za low shank, 4.5 za high shank ndi 6 za longarm, makina aakulu a quilt a mkono wautali. Ya mamilimita 6 pa makina a low shank imagunda kumbuyo kwa phazi.

Dongosolo lake ndi ili: phazi litsike kaye, kenako singano. Singano ikwere kaye, kenako phazi. Mukalakwitsa, chomangira singano chimamenya pamwamba pa mkombero. Onaninso kuti singano ilidi pakati musanamange sikuluwu. Tsitsani singano ndi dzanja, yezani kuchokera pa singano kufika kunja kwa mkombero kumanzere ndi kumanja. Ikapatuka ndi theka la milimita lokha, mizere yosokedwa rula ili kumanzere siidzakumana ndi yosokedwa rula ili kumanja.

Pa phazi limeneli malangizo anga a nyale amasintha. Khoma lake ndi lalitali, ndiye kuwala kokwawa sikufika mkati, mumakhala ngati mukusuzumira m'chitsime. Yatsani kababu ka makina, ndipo nyale ya pambali muikweze mpaka kunyezimira kwa pa rula kuchoke pa mizere yake.

Bambo Bobini

Za nyanga ndavomera, a Nangozo. Lachiwiri ligulidwe.

Mayi Nachisale, mukaika phazi loyandama, yesani pa chidutswa cha masentimita 30 mbali zonse chokhala ndi mfundo imodzi ya misoko pakati. Mulingo muike pa malo opyapyala, chifukwa ndiwo ochuluka pa quilt. Pa chitunda phazi likakanirira, imani singano ili pansi, kwezani phazi ndi kasikuluwu theka la kuzungulira, dutsani, n'kulibwezera. Sokani mizere yozungulira mbali zonse ziwiri, kenako tembenuzani chidutswacho muunike kunsi kwake ndi tochi yokwawa ija. Mukaona timaulusi ta pamwamba tatuluka ngati nsidze pa makona okha, manja akuthamanga kuposa singano pokhota. Tikatuluka ndi pa mizere yowongoka yomwe, onjezerani tenshoni ya pamwamba ndi theka la nambala n'kuyesanso.